Jezi Yachikasu ya Amake Kangaude

Tsiku limene a Njereza adaonana koyamba ndi amake Kangaude lidayamba ndi mkangano. A Njereza ndiwo ankajambula mizere pabwalo la mpira la kuseri kwa fakitale ya matumba, ndipo dzinalo adalitengera ku njereza yoyera imene inkawamata m'manja, m'nsidze ndi m'ndevu. M'mawa umenewo adali atawerama ndi chitini chawo choboola kunsi, akulondola chingwe, pamene mayi wina wamfupi, beseni lili pamutu, adadutsa pakati pa bwalo n'kuponda mzere umene udali usadaume.

"Amayi! Maso mwasiya kunyumba? Mwandipondera ntchito!"

"Pepani bambo. Nanga njira ya kumpopi mwaitseka liti?"

"Lino ndi bwalo la timu, si njira ya kumpopi."

"Timu yake iti? Yomwe ndaisenza pamutuyi?" Mayiyo adatsitsa beseni pang'ono, majezi amatope n'kuonekera. "Mukaiuze kuti ikamagwa izisankhako pogwera. Manja angawa si a boma."

A Njereza adafuna kukwiya, koma chidatuluka ndi chiseko. Kuyambira pamenepo awiriwo adakhala anthu a Lolemba: Loweruka bwalo linkakhala la osewera ndi ochemerera, koma Lolemba m'mawa, chinamtindi chitabalalika, pankatsala iwo, wina akutola mapepala ndi kukwirira maenje, wina akutikita makolala.

Mayiyu adali wamasiye. Ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamdadada wa nyumba za antchito a fakitale, zenera lake litayang'ana golo la kumadzulo. Mwana adali naye mmodzi yekha, goloboyi wa timuyo, mnyamata wamtali wamanja ngati mitengo ya zipupa, amene ochemerera adamutcha Kangaude chifukwa mpira ukafika kwa iye unkakodwa ngati ntchentche. Amake ankati adabadwa manja ali patsogolo, ngati wina wamuponyera kanthu. Ntchito yochapa adaiyamba chifukwa cha iyeyo, poona kuti jezi yake ikubwera yonunkha chinyontho kuchokera kwa wochapa wakale. Ankayanika majezi obiriwira a anzake pachingwe chachitali, koma yachikasu ya mwana wawo ankaiyanika payokha, pafupi ndi khomo.

"Goloboyi sakhala pagulu," ankatero. "Ngakhale pachingwe amaima yekha."

Timuyo sidalowepo m'ligi yaikulu. Inkasewera m'ligi ya pansi pake, kumene kulibe makamera, kulibe zikwangwani za makampani, ndipo wailesi imangotchula zigoli mothamanga ngati ikuwerenga maina a odwala. Komabe masiku amenewo fakitale inkaisamala. Kudali basi yakeyake, nsapato zatsopano chaka chikamayamba, ndipo osewera ankalembedwa ntchito yosoka matumba kuti Loweruka azithamanga atakhuta.

Chakudza sichiimba ng'oma. Fakitale idagulidwa ndi anthu akutali amene mpira sudali m'magazi mwawo. Adayamba n'kuchotsa dzina lawo pamajezi, kenaka adachotsa osewera pantchito. Timu idatsala m'manja mwa wapampando, bambo wagolosale wamtima wabwino koma wathumba losaya. Tsono mpira wa ligi ya pansi umadya ngati chiswe, mwakachetechete. Kulembetsa timu n'kulipira. Ulendo wa kutali n'kulipira. Mukamasewera panu, oyimbira ndi apolisi ndi anu. Pachipata ndiye pankalowa anthu ochepa, poti mpanda udali utagwa ndipo ambiri ankaonera ali pachulu. Wosewera akawala pang'ono, matimu akuluakulu ankabwera kudzamutenga, n'kusiya mipira ingapo ndi lonjezo. Basi idagulitsidwa. A Njereza adayamba kusakaniza njereza ndi phulusa kuti ifike kumakona. Majezi adatsala mtundu umodzi wokha, ndipo wochapa akachedwa, timu inkalowa m'bwalo itavala zonyowa.

Kangaude naye adaitanidwapo ndi timu yaikulu. Adakana. Adati amake sangazolowere kuchapa za anthu ena.

Chaka china, nyengo yozizira, timu idapita kukasewera kutali pa lole yopanda tenti. Kumeneko Kangaude adapondedwa m'nthiti, koma adatsiriza mpira poti wolowa m'malo mwake adali atatsala, malo pa lole atachepa. Pobwerera mvula yamawawa idawanyowetsa njira yonse. Adafika akutsokomola. Amake adamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba, wapampando adathamanga uku ndi uku kufuna galimoto, koma sabata isadathe mnyamatayo adatsamira mkono.

Osewera adalibe choti apereke pamaliro. Adakhala kuseri kwa nyumba, mitu ili pansi, mpaka mmodzi adati, "Anzathu a m'ligi yaikulu amagula nkhata zazikulu ngati matayala. Ife tilibe. Koma apite atavala jezi yake." Onse adavomera, misozi ili mbwembwembwe. Adamuveka jezi yachikasu ija, n'kumuika magolovesi pachifuwa. A Njereza adagwira nawo fosholo kumanda, kuseri kwa njanji, kumene dothi lake ndi katondo wofiira. Palibe ndi mmodzi yemwe adaganiza za Loweruka.

Lidawakumbutsa ndi Lachinayi. Wapampando adafika pakhomo pa amake Kangaude chipewa chili m'manja, a Njereza ali pambuyo pake.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yochititsa manyazi. Jezi ya goloboyi idali imodzi yomwe ija."

"Ndikudziwa. Ndinkachapa ndine."

"Woyimbira salola goloboyi kuvala zofanana ndi anzake. Tikalephera kulowa m'bwalo atilanda mapointi ndi kutilipiritsa, ndiye kutha kwa timu kumeneko. Ndayenda m'masitolo, koma mtengo wake..." Adapukusa mutu.

Mayiwo adatembenuka. Kenaka adalowa kuchipinda kwa mwana wawo, a Njereza n'kumva misomali ikuzuka. Adatuluka ndi katani ya pazenera, nsalu yachikasu yokhuthala imene mnyamatayo ankaipatula m'mawa uliwonse kuti aone ngati golo lake lagona bwino.

"Mubwere mawa madzulo," adatero.

Adaisoka pamakina awo opalasa ndi phazi, osayeza munthu. Muyeso udali m'manja mwawo. N'chifukwa chake idatuluka ya manja aatali, ndipo goloboyi wotsalayo, mnyamata wonenepa amene ankamutcha Sefa chifukwa chilichonse chinkadutsa, adachita kupinda manjawo kawiri.

Loweruka limenelo Sefa sadachinyitse. Ochemerera adaseka mpaka kugwa pachulu. "Sefa watseka mabowo! Wamumata ndani?"

Lolemba m'mawa a Njereza akukwirira maenje adamva amake Kangaude akuitana. "Bambo, tabwerani. Musathamange."

Adawapeza ataima pambali pa mabeseni awiri. M'beseni la majezi obiriwira madzi adali otuwa, monga mwa masiku onse, pakuti bwalolo lidamangidwa pamene fakitale inkataya phulusa ndipo dothi lake lidali mbuu. M'beseni la jezi yachikasu madzi adali psuu.

"Yasuluka," adatero a Njereza.

"Nsalu yachikasu isuluke zofiira? Tagwirani pansipo."

A Njereza adapisa dzanja. Pansi pa beseni padali dothi lomata, losalala. Adalifikisa pakati pa zala, ndipo tsitsi lidawaima. M'dera lonselo katondo ankapezeka malo amodzi okha, ndipo matuza a fosholo adali asadapole m'manja mwawo.

"Mwina Sefa adadzera kunjanji," adatero ndi mawu ouma.

"Adavulira pabwalo pomwepa, n'kundipatsa m'manja." Mayiwo adafinya jeziyo pang'onopang'ono, monga amafinyira thewera la khanda, n'kuinunkhiza m'khwapa. Nkhope yawo idasalala. "Ndi thukuta lake. Ine ndingasokoneze thukuta la mwana wanga?"

Adaiyanika payokha pafupi ndi khomo. Kunja kudali bata, majezi obiriwira ali lende ngati masamba ofota. Koma yachikasuyo manja ake adatambasuka pang'ono m'mbali, n'kukhala choncho, monga amaimira munthu amene akudikira penate.

A Njereza adamufunsa Sefa mwamseri. Mnyamatayo adayang'ana uku ndi uku.

"Madala, musauze anthu, angandiseke. Jezi ija imazizira kumsana, ngati wina wandikumbatira kuchokera kumbuyo. Woyimbira akangoliza wezulo woyamba, basi yagwira. Mpira ukamabwera ine ndimaganiza zopita kumanja, dzanja lapita kale kumanzere. Akaliza womaliza imandisiya, ndiye ndimamva kutopa kwa anthu awiri."

"Nanga pokonzekera pakati pa sabata?"

"Ayi, pamenepo ndimakhala Sefa yemwe uja."

Choncho amake Kangaude adadziwa khomo limene mwana wawo ankalowera. Silidali loto, silidali manda. Lidali mpira wa ligi, wa woyimbira ndi wezulo wake. Timu ikasewera, Lolemba madzi ankafiira, iwo n'kucheza ndi beseni. "Wagweranso chigongono chomwechi? Sindidakuuze kuti uzigwera paphewa?" Timu ikapanda kusewera, jezi inkakhala nsalu wamba. Ndipo timuyo idali ikufa.

Kuyambira pamenepo mayiwo adaisenza timu monga adanenera mwanthabwala tsiku loyamba lija. Malipiro awo adasiya kuwafunsa. Sopo ankagula okha ndi zimene ankapeza pochapira mabanja a m'tauni. Ulendo wina utatsala pang'ono kulephereka, wailesi ya m'nyumba idapita. Chaka chotsatira, pa nthawi yolembetsa timu, makina osokera adatuluka pakhomo atakwezedwa pa wilibala. Pamsonkhano wa ochemerera, abambo akamati bola timu ithe, iwo ankaimirira, msinkhu wawo wosafika paphewa la munthu.

"Mowa mumaupeza bwanji, inu a pachulu? Loweruka mukalowere pachipata ngati amuna. Chulu n'cha chiswe."

Amuna ankaseka mwamanyazi, ena n'kulowadi pachipata sabata imeneyo.

A Njereza adayesa kuwalangiza. "Amayi, timu ya ligi ino ndi mtsuko wobooka. Mudzagona pansi."

"Inu bambo, ana anu akafuna kukuonani amagogoda pachitseko. Wanga ali ndi khomo limodzi lokha. Ndilitseke ndi manja angawa?"

Mawa lake a Njereza adagulitsa njinga yawo n'kugula matumba a njereza.

Zidayenda choncho zaka zingapo, timu osakwera, osatsika, ikungolendewera. Tsono padali chizolowezi china m'ligi imeneyo. Oyimbira adatopa ndi kunamizidwa, poti mpira ukatha akuluakulu a timu ankasowa ngati mame. Adagwirizana kuti azilandira zawo pa nthawi yopumulira, chigawo chachiwiri chisadayambe. Loweruka lina, chakumapeto kwa chaka, matimu awiri otchuka a m'ligi yaikulu ankasewera pa kanema, ndipo anthu onse adakadzaza m'nyumba zoonetsera mpira. Pabwalo padabwera anthu oti ungawadziwe onse maina. Ngakhale chulu chidali chokha.

Pa nthawi yopumulira woyimbira, bambo wadazi wosakonda zolankhula, adapita kwa wapampando n'kutambasula dzanja. Wapampando adatulutsa matumba a buluku lake kunja.

"Akulu, tsirizani mpirawu. Lolemba ndidzabwera nazo kunyumba kwanu."

"Lolemba la chaka chatha lija lidafika?"

Amake Kangaude adathamangira komweko, n'kugwada pa phulusa. "Mwanawe, ingolizani kuti uthe. Ngakhale osasewera, ingolizani womaliza."

"Amayi, dzukani. Nanenso ndili ndi ana. Wezulo sadya phulusa."

Adauika m'thumba, n'kukwera njinga pamodzi ndi anzake a mbendera. Alendo adakwera galimoto yawo. Osewera adakhala pansi kudikira, kenaka adayamba kuchoka mmodzimmodzi. Adatsala Sefa, ataima pagolo la kumadzulo, manja ali m'mbali, maso ali pakati pa bwalo pamene padalibe munthu.

"Iwe Sefa, tiye!" adakuwa a Njereza.

"Madala, miyendo ikukana." Sadatembenuke n'komwe. "Sikundisiya."

Adachita kumuvula a Njereza, kukoka jezi kudzera kumutu ngati akusenda mbuzi. Nsaluyo idali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Sefa adathawa chifuwa chili pamtunda ndipo sadabwererenso ku mpira.

Timu idathera pomwepo. Wapampando adagulitsa malo ake a m'ligi kwa munthu wamalonda wa tauni ina, amene adatumiza galimoto kudzatenga mipira, maukonde ndi majezi obiriwira. Yachikasu adaitaya pansi. "Iyi ndi katani," adatero. Bwalo adalizinga ndi waya n'kukhala poimikapo malole. Mitengo ya magolo idadulidwa ndi ogula zitsulo.

A Njereza adaganiza kuti mnzawoyo aferatu ndi chisoni, khomo lija litatsekeka. Loweruka lotsatira adapita kukawaona. Adawapeza akumwetulira, jezi ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Palibe adaivala, koma idali yonyowa kumsana, m'zigongono muli katondo.

"Sadachoke," adanong'ona mayiwo. "Akudikira chigawo chachiwiri."

Zaka zidapita. Fakitale idatsekedwa, nyumba za pamdadada zidalowa anthu ena osadziwa kuti padali timu. A Njereza adakhala mlonda wa sukulu mpaka mawondo adawakana. Loweruka lililonse masana ankabwera ndi ndodo yawo kudzakhala pakhonde la amake Kangaude, awiriwo osalankhula zambiri. Dzuwa likapendeka ankamva kadontho kuseri kwa chitseko, tho, tho, pa simenti. Tsopano sichidali cha Loweruka lokha ayi. Madzi ankafiira tsiku lililonse limene mayiwo achapa. Zigongono zidabooka, iwo n'kuika zigamba pamanja, zigambazo n'kubookanso. Poyamba ankachapa akuimba. M'kupita kwa nthawi nyimbo idatha.

Chaka chimene maso awo adachita khungu ndipo miyendo idayamba kutupa, adawaitana a Njereza kuti akhale pafupi.

"Bambo, thukutali lasintha. Kale linkanunkha mpira. Pano likununkha kutopa." Adasisita jeziyo pamiyendo pawo. "Ndinkati ndikumusunga. Koma mwana waima pagolo zaka zonsezi, dzuwa ndi mvula, wopanda womuuza kuti anzake adapita. Tsono ine ulendo wanga wayandikira. Ndikafike uko iye kulibe, ali pano pakati pa malole? Ndiye ndidzakhala nditamutaya kawiri. Ndikufuna ndikampeze pakhomo."

"Nditani, amayi?"

"Kandipezereni wadazi uja."

A Njereza adamupeza kumsika, atakalamba, akumata machubu a njinga pansi pa mtengo.

"Akulu, mudasiya mpira pakati."

"Ndidasiya yambiri. Uti?"

"Wa kuseri kwa fakitale. Mayi adakugwadirani uja akukuitanani."

Woyimbirayo adasiya chubu. Kenaka adati, "Wezulo ndikadali nawo. Adzukulu amaseweretsa."

Loweruka masana atatuwo adalowa pa malo a malole, mlonda atawalola poganiza kuti ndi okalamba osokonezeka mitu. Paliponse padali mafuta akuda ndi matayala, ndi udzu womera m'mphepete mwa waya. A Njereza sadavutike kupeza malowo. Njereza ya zaka zambiri idali itapsereza nthaka, ndipo pakati pa udzuwo padali kanjira kowongoka kopanda chomera chilichonse, mzere wa golo la kumadzulo. Adatulutsa chitini chawo chakale n'kuthira njereza yotsala, mzere n'kuyera mbee. Amake Kangaude adapapasa waya n'kukolekapo jezi kuseri kwa mzerewo.

"Malipiro anu ndi awa," adatero, akupereka mtanda wa sopo kwa woyimbira. "Ndachedwa nawo."

"Amayi, sindingalandire."

"Landirani. Angadzati mpira udatha mwachinyengo."

Adalandira ndi manja awiri. Kunja kudali zii, ngakhale pepala losagwedera. Jeziyo idatukula manja ake aatali m'mbali, pang'onopang'ono, zigamba zili lende. Mlonda amene ankaseka pachipata adasiya kuseka. Woyimbira adayang'ana dzanja lake lopanda wotchi, adapuma mozama, n'kuliza: kawiri mwachidule, kachitatu kokoka.

Manja aja adagwa.

"Watha, mwanawe," adatero amake. "Sudachinyitse. Kapume."

Potembenuka, phazi lawo lotupa lidatera pa mzere uja.

"Amayi," adatero a Njereza, "mwandipondera ntchito."

"Mudatseka njira ya kumpopi," adayankha, n'kuwagwira mkono.

Lolemba a Njereza adawapeza pakhonde, beseni lili pakati pa miyendo. Mayiwo adawauza kuti apise dzanja, poti iwo sakadatha kuona. Madzi adali oyera, pansi popanda kanthu. Mayiwo adagwedeza mutu, n'kupempha lezala. Tsiku lonse adakhala akusomola ulusi mopapasa, msoko ndi msoko, mpaka jezi idabwerera kukhala zidutswa za nsalu. Adazilumikiza ndi singano, a Njereza n'kukhoma misomali pazenera la kuchipinda kuja. Katani idatuluka yaifupi, yosafika pansi, ndipo dzuwa linkalowa pa mabowo a zigongono.

"Yaperewera," adatero a Njereza.

"Isiyeni choncho," adatero amake Kangaude. "Kulibenso golo loti aliyang'ane."